Maginito pa Ubongo: Njira Yochepetsera Mawu Amene Odwala Schizophrenia Amamva

[Nyimbo yotsegulira pulogalamu]

GAWO LOYAMBA: MATENDAWA NDI OTANI

Schizophrenia ndi matenda a ubongo amene amasokoneza kaganizidwe ka munthu, mmene amamvera ndi kuonera zinthu, ndiponso mmene amakhalira ndi anzake. Ndi amodzi mwa matenda angapo osiyana amene kumudzi amangowatchula onse kuti misala. Amene anawapatsa dzina loti schizophrenia ndi dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, mu 1908.

Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mwa anthu 300 aliwonse, mmodzi ali ndi matendawa, ndipo dziko lonse lapansi odwala alipo pafupifupi 24 miliyoni. Kuno ku Malawi, kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 720,000 m'boma la Thyolo. Potengera chiwerengero cha WHO, odwala m'bomali akhoza kupitirira 2,000. Ena ali m'midzi ya ku Thekerani ndi ku Bvumbwe, ena pa Luchenza ndi pa Goliati, ena m'makomboni a m'maesiteti a tiyi monga Satemwa, Makandi, Conforzi, Nchima, Naming'omba ndi Makwasa.

Matendawa amakonda kuyamba munthu akangokula, kuyambira zaka za m'ma 17 kapena 18 mpaka za m'ma 30, ndipo amuna amawayamba msanga kusiyana ndi akazi. Umenewu ndi msinkhu umene mnyamata amalembedwa ntchito koyamba pa esiteti, kapena mtsikana amakhala atangolowa m'banja. N'chifukwa chake matendawa akagwa pakhomo, sasautsa wodwala yekha. Amachotsa dzanja limene banja limadalira.

Zizindikiro zake zili m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene zimabwera mwa munthu zomwe kale munalibe. Wodwala amamva mawu a anthu pamene palibe amene akulankhula. Mawuwo mwina amamutukwana, mwina amamulamula, mwina amakambirana za iye. Amakhulupiriranso zinthu zopanda umboni, monga kuti anzake a kuntchito apangana zomupha, ndipo ngakhale abale amufotokozere chotani, sasintha maganizo. Zolankhula zake nthawi zina sizilumikizana.

Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene zimachoka mwa munthu. Chilakolako chogwira ntchito chimatha, nkhope siionetsanso kukondwa kapena kukhumudwa, mawu amachepa, kusamba kumaiwalika, ndipo munthu amadzipatula. Gulu lachitatu ndi la kuvutika kukumbukira, kutchera khutu ndi kulinganiza zochita. Magulu awiri omalizawa ndiwo sazindikirika msanga. Wothyola tiyi amene ankadzaza dengu mwachangu akayamba kuimaima pamzere, makilogalamu ake n'kumatsika pa sikelo, kapitawo amayamba waganiza za ulesi kapena mowa, pamene munthuyo wayamba kudwala.

Chimene chimayambitsa matendawa si chimodzi. Pali za kumtundu, pali mavuto a nthawi ya pakati ndi yobadwa, pali nkhanza ndi mavuto aakulu a paubwana, ndiponso kusuta chamba kwambiri munthu akadali wamng'ono kumawonjezera chiopsezo. Matendawa sapatsirana. Munthu sangawatenge podyera mbale imodzi ndi wodwala kapena kugona naye m'nyumba imodzi.

GAWO LACHIWIRI: MANKHWALA NDI MALIRE AKE

Chithandizo chachikulu cha schizophrenia ndi mankhwala. Oyamba, a chlorpromazine, anayamba kuperekedwa kwa odwala mumzinda wa Paris mu 1952. A haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958. Mitundu iwiriyi ikugwirabe ntchito m'zipatala za m'Malawi, pamodzi ndi risperidone komanso jakisoni wa fluphenazine amene amabayidwa kamodzi pakapita milungu ingapo. Mankhwalawa amachepetsa mphamvu ya dopamine, timadzi tina ta m'thupi timene maselo a ubongo amatumizirana nato uthenga.

Kwa odwala ambiri mankhwalawa amathandiza kwambiri. Mawu amachepa kapena kutheratu, mantha amatsika, tulo timabwerera. WHO imati mwa odwala atatu aliwonse, mmodzi kapena kuposerapo amachira kotheratu, ndipo ena ambiri amakhala bwino malinga akumwa mankhwala.

Komabe pali malire. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi aliwonse amene amamva mawu amapitirizabe kuwamva ngakhale akumwa mankhwala mokhulupirika. Mankhwalawa sachitanso zambiri pa zizindikiro za kufooka kwa chilakolako ndi kudzipatula. Ndiponso amatha kubweretsa zovuta zina monga kuuma kwa khosi ndi nsagwada, kunjenjemera manja, kutuluka dovu, kugona kwambiri ndi kunenepa. Pali mankhwala ena amphamvu, a clozapine, a odwala amene mankhwala enawo awakanika, koma amafuna kuti wodwala aziyezedwa magazi pafupipafupi chifukwa amatha kuchepetsa maselo oyera a m'magazi, amene ndi asilikali a m'thupi. Malire amenewa ndiwo anachititsa akatswiri kufunafuna njira ina yofikira ubongo popanda kudzera m'mimba ndi m'magazi.

[Nyimbo pang'ono]

GAWO LACHITATU: MMENE MAGINITO AMAFIKIRA UBONGO

Njirayi imatchedwa transcranial magnetic stimulation, mwachidule TMS. Maziko ake ndi akale. Mu 1831 katswiri wa sayansi wa ku England, Michael Faraday, anaonetsa kuti mphamvu ya maginito ikamasinthasintha pafupi ndi waya, muwayamo mumayamba kuyenda magetsi. Ndi zimene zimachitika mu dayinamo ya njinga: tayala likamazungulira, maginito a mkati mwa dayinamo amazunguliranso pafupi ndi mawaya opotanapotana, ndipo nyale imayaka popanda batire.

Maselo a ubongo nawo amagwira ntchito ndi magetsi ochepa kwambiri amene thupi limapanga lokha. Choncho mphamvu ya maginito ikasintha mwadzidzidzi pafupi ndi mutu, m'maselomo mukhoza kuyenda magetsi. Amene anaonetsa zimenezi pa munthu wamoyo ndi makina odalirika ndi Anthony Barker ndi anzake, mumzinda wa Sheffield ku England, mu 1985. Anaika koyilo ya waya pamwamba pa mutu, pamalo amene amalamula dzanja, ndipo makina atagunda, dzanja linagwedezeka lokha munthuyo asanafune.

Makina a TMS ali ndi mbali ziwiri: bokosi losunga magetsi ambiri, ndi koyilo yokutidwa ndi pulasitiki, imene nthawi zambiri imaoneka ngati nambala 8. Bokosilo limatulutsa magetsi amphamvu kwa kamphindi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Magetsiwo salowa m'thupi la wodwala. Amangozungulira mu koyilo n'kupanga mphamvu ya maginito yofanana kukula kwake ndi ya makina ojambula mkati mwa thupi a MRI. Mphamvuyo imadutsa tsitsi, khungu ndi fupa la mutu popanda chotchinga, n'kufika masentimita awiri kapena atatu mkati. Pamenepo imadzutsa maselo a kachigawo kakang'ono ka ubongo kamene kali pansi pa koyilo.

Kugunda kumodzi sikusintha kanthu kokhalitsa. Koma kugunda kobwerezabwereza, kambirimbiri pa tsiku kwa masiku angapo, kumasintha mmene maselo a pamalopo amachitira. Akatswiri anapeza kuti kugunda pang'onopang'ono, kamodzi pa sekondi, kumakonda kufatsitsa malowo, pamene kugunda mofulumira, monga ka 10 pa sekondi, kumakonda kuwagalamutsa. Pa mfundo imeneyi ndi pamene pagona chithandizo chonse: malo amene akugwira ntchito mopitirira muyezo afatsitsidwe, ndipo amene afooka agalamutsidwe. Mu 2005 ofufuza a ku London anatulukiranso kagundidwe kena kotchedwa theta burst, kamene kamatha m'mphindi pafupifupi zitatu kapena kucheperapo.

GAWO LACHINAYI: KUMENE MAWU AMACHOKERA

M'zaka za m'ma 1990, makina ojambula ubongo uli pantchito anaonetsa chinthu chofunika kwambiri. Pa nthawi imene wodwala akumva mawu, zigawo za ubongo zimene zimagwira ntchito munthu akamalankhula kapena kumvetsera zimakhala zili kalikiliki, ngakhale m'chipindamo muli zii. Zikutanthauza kuti wodwala sanama ndipo sayerekeza. Mawuwo amawamvadi, koma akuchokera mu ubongo wake womwe, umene walephera kuzindikira kuti mawuwo ndi ake.

Chimodzi mwa zigawozi chili kumanzere kwa mutu, kumtunda ndi kumbuyo pang'ono kwa khutu. Dokotala Ralph Hoffman wa pa yunivesite ya Yale ku America anaganiza kuti ngati chigawochi chikugwira ntchito mopitirira muyezo, kugunda pang'onopang'ono kwa maginito kukhoza kuchifatsitsa. Mu 1999 anafalitsa zimene anapeza pa odwala atatu oyamba, amene mawu anawachepera. Mu 2005 gulu lake linafalitsa zotsatira za odwala 50, ndipo amene analandira TMS yeniyeni anamva mawu mocheperako kusiyana ndi amene analandira yoyerekezera.

Pa zizindikiro za kufooka kwa chilakolako ndi kudzipatula, ofufuza analoza malo ena, kutsogolo kwa mutu cha kumanzere, pamwamba pa chipumi. Chigawo chimenechi chimathandiza munthu kulinganiza zochita ndi kuyamba ntchito, ndipo mwa odwala ambiri chimaoneka chofooka. Kumeneko amagwiritsa ntchito kugunda kofulumira.

GAWO LACHISANU: ZIMENE KAFUKUFUKU WAPEZA

Pofuna kudziwa ngati chithandizo chikugwiradi ntchito, ofufuza amagawa odwala m'magulu awiri mwa mayere. Ena amalandira TMS yeniyeni. Ena amakhala pampando womwewo, pansi pa koyilo yolira chimodzimodzi, koma yosatumiza mphamvu ku ubongo. Wodwala sadziwa gulu limene ali. Zimenezi n'zofunika chifukwa kusamalidwa tsiku ndi tsiku ndi chiyembekezo chokha zimathandiza munthu kumva bwino, ngakhale makina asakuchita kanthu.

Zotsatira zake zakhala zosakanikirana. Kafukufuku woyambirira, wa odwala ochepa, anaonetsa phindu lalikulu pa mawu. Wina wotsatira, wa odwala ochulukirapo, anapeza phindu lochepa, ndipo wina sanapeze kusiyana kulikonse. Mu 2015 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zachipatala, linaphatikiza kafukufuku 41 wokhudza odwala 1,473. Linapeza kuti pali zizindikiro zoti TMS ya pafupi ndi khutu imathandiza pa mawu, koma umboni sunali wolimba mokwanira kuti njirayi ilimbikitsidwe kapena ikanidwe. M'chaka chomwecho kafukufuku wamkulu wa ku Germany, wotchedwa RESIS, sanapeze kusiyana pakati pa TMS yeniyeni ndi yoyerekezera pa zizindikiro za kudzipatula.

Mu 2025 kafukufuku wina wa m'zipatala zingapo za ku Germany, wotsogozedwa ndi Christian Plewnia wa ku Tübingen, anayesa theta burst kwa milungu itatu pa odwala opitirira 100 amene mawu sankawathera ndi mankhwala. Amene analandira chithandizo chenicheni anapeza bwino kuposa enawo, ndipo mavuto aakulu sanachuluke.

Kuika zonsezi pamodzi, mfundo zake ndi zinayi. TMS imathandiza odwala ena, makamaka pa mawu, koma osati onse. Kawirikawiri imachepetsa mawu, kuchuluka kwake ndi ukali wake, osati kuwathetseratu. Phindu lake limatha kuzilala pakapita milungu kapena miyezi, ndipo pamafunika kubwereza. Chachinayi, pafupifupi odwala onse a m'kafukufukuyu ankamwabe mankhwala awo. TMS ndi chowonjezera pa mankhwala, si cholowa m'malo mwake. Ku America, bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza TMS mu 2008 ngati chithandizo cha matenda okhumudwa kwambiri, koma pa schizophrenia njirayi ikadali pa kafukufuku.

[Nyimbo pang'ono]

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: MMENE CHITHANDIZOCHI CHIMAPEREKEDWERA

Wodwala amakhala pampando ali maso. Sagonekedwa, sabayidwa jakisoni, sametedwa, ndipo pamutu sachekedwa. Tsiku loyamba dokotala amayeza mphamvu yoyenera munthuyo: amaika koyilo pamalo olamula dzanja n'kumawonjezera mphamvu pang'onopang'ono mpaka chala chachikulu chitagwedezeka. Muyezo umenewo ndiwo umatsogolera chithandizo chonse. Kenako koyilo imasunthidwira pamalo ofunikawo. Wodwala amamva kulira kwa makina, kuti tha, tha, tha, ndi kugogoda pakhungu la mutu, ndipo amavala zotseka m'makutu. Chithandizo cha tsiku limodzi chimatenga mphindi zochepa mpaka theka la ola, masiku asanu pa mlungu, kwa milungu iwiri, itatu kapena inayi. Akatha amadzuka n'kumapita.

Mavuto amene amachitika kawirikawiri ndi kupweteka mutu, kuwawa pamalo pamene panali koyilo, ndi kugwedezeka kwa minofu ya kumaso pa nthawi ya chithandizo. Vuto lalikulu ndi kukomoka ngati kwa khunyu, koma limachitika mwa apo ndi apo, kwa odwala osakwana mmodzi pa 1,000. Chiopsezocho chimakula mwa munthu wodwala khunyu, amene anavulalapo kwambiri m'mutu, womwa mowa kwambiri, kapena amene wachezera usiku osagona. Munthu amene ali ndi chitsulo m'mutu kapena kachipangizo kothandiza kumva koikidwa mkati mwa khutu saloledwa kulandira TMS.

TMS isasokonezedwe ndi chithandizo cha magetsi cha ECT, chimene chinayamba ku Rome mu 1938. Pa ECT wodwala amagonekedwa ndi mankhwala, magetsi amalowetsedwa kudzera pakhungu, ndipo kukomoka kwa kanthawi kumachititsidwa dala. Pa TMS cholinga ndi kupewa kukomokako.

Isasokonezedwenso ndi zibangili, mikanda, malamba kapena zipewa za maginito zimene amalonda ena amatsatsa. Maginito ongokhala, osasinthasintha mphamvu, sayambitsa magetsi mu ubongo. Kumanga maginito a m'sipika ya wailesi pamutu pa wodwala sikungachite kanthu, ndipo ndalama zogulira zinthu zotere n'zimene zikanalipirira ulendo wa ku chipatala.

GAWO LACHISANU NDI CHIWIRI: ZIMENE ZILIPO KWA WODWALA WA KU THYOLO

TMS sili m'gulu la chithandizo chimene zipatala za boma m'Malawi zimapereka pa matendawa. M'chigawo chino cha Africa imapezeka m'zipatala zina zolipira za ku South Africa, monga ku Johannesburg ndi ku Cape Town, makamaka pa matenda okhumudwa. Makina ake ndi okwera mtengo, amafuna magetsi osazimazima ndi anthu ophunzitsidwa, ndipo wodwala amayenera kufika tsiku lililonse kwa milungu ingapo. Kwa wothyola tiyi amene malipiro ake amadalira masiku ndi makilogalamu, makamaka kuyambira Disembala mpaka Epulo pamene tiyi wachuluka, ulendo wa tsiku ndi tsiku wa ku Blantyre ungakhale wolemetsa ngakhale makinawo atakhalapo.

Koma zimene kafukufukuyu waonetsa zili ndi ntchito ku Thyolo lero lomwe. Ngati kufatsitsa kachigawo kamodzi ka ubongo kumatha kuchepetsa mawu, ndiye kuti mawuwo ndi chizindikiro cha matenda a m'thupi, amene ali ndi malo ake ndi chithandizo chake. Mabanja ambiri amayamba apita kwa sing'anga kapena kumapemphero poganiza kuti wodwala walodzedwa kapena wagwidwa ndi mizimu. Pemphero ndi chilimbikitso cha mpingo zili ndi malo ake, koma zisachedwetse ulendo wa ku chipatala. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri waonetsa kuti wodwala akakhalitsa osalandira mankhwala, kuchira kwake kumavutirapo.

Poyambira ndi pa kiliniki ya pa esiteti, pa chipatala chaching'ono chapafupi, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi. Kuchokera pamenepo wodwala amatumizidwa ku chipatala cha boma pa Thyolo boma, ndipo a dera la Makwasa ali pafupi ndi chipatala cha Malamulo. Achipatala amayamba ayeza matenda ena amene amasokonezanso mutu, monga malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, HIV, khunyu, ndi kusiya kachasu mwadzidzidzi, chifukwa aliwonse ali ndi mankhwala akeake. Wodwala amene wasokonezeka mwadzidzidzi, thupi likutentha, afunika kuthamangira naye tsiku lomwelo. Ofuna chithandizo chapadera amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matenda a ubongo, chimene chinatsegulidwa mu 1953. A Saint John of God amathandizanso odwala otere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

M'boma la Chiradzulu, loyandikana ndi la Thyolo, ndi ku Salima, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, KUHeS, pamodzi ndi yunivesite ya Edinburgh akhala akuchita kafukufuku wotchedwa PROMISE, wophunzitsa alangizi a zaumoyo kuzindikira odwala msanga ndi kugwirira ntchito limodzi ndi asing'anga ndi atsogoleri a mipingo. Palinso bungwe la MeHUCA, la odwala eniake ndi owasamalira, limene limalankhulira ufulu wawo.

Pakhomo, udindo wa achibale ndi waukulu. Wodwala asasiye mankhwala chifukwa choti wapeza bwino, pakuti kusiya mankhwala ndiko kumabwezeretsa matenda kawirikawiri. Khosi likauma kapena manja akamanjenjemera, abwerere ku chipatala kuti akasinthe mlingo kapena akapatsidwe mapiritsi a benzhexol. Achibale akatenge mankhwala ena akalewo asanathe. Wodwala apewe chamba ndi mowa. Asamangidwe ndi zingwe kapena maunyolo, asamenyedwe, ndipo ana asaloledwe kumugenda kapena kumukuwiza. Akanena kuti akumva mawu, kukangana naye sikuthandiza. Chothandiza ndi kumumvetsera modekha n'kufunsa zimene mawuwo akunena. Ngati akumulamula kudzipha kapena kuvulaza wina, imeneyo ndi ngozi yofunika chipatala mwamsanga. Odwala ambiri si achiwawa, ndipo kawirikawiri ndi iwo amene amachitiridwa nkhanza.

Kuntchito, akapitawo ndi mabwana a pa esiteti angathandize pozindikira kusintha kwa khalidwe msanga, potumiza wantchito ku kiliniki asanaganize zomuchotsa, ndi pomulola kupita kukalandira mankhwala kapena jakisoni tsiku lake likakwana. Wodwala amene akulandira chithandizo amatha kubwerera ku ntchito, ndipo ntchitoyo imathandiza kuti achire.

Kwa amene akumvabe mawu ngakhale akumwa mankhwala bwino, pali zimene dokotala angachite ngakhale popanda TMS: kuunikanso ngati matendawo ndi omwewo, kusintha mlingo kapena mtundu wa mankhwala, kuyesa jakisoni, kupereka uphungu wa mmene angakhalire ndi mawuwo, ndi kumutumiza kwa akatswiri ku Blantyre kapena ku Zomba.

[Nyimbo yotsekera pulogalamu]